Madzi a A Falesi

Makina oyamwa fumbi anatsokomola kawiri, kenako anazima. Fungo la waya wopserera linadzaza ofesi yonse.

A Falesi, osesa mu ofesimo, anangoima, chipaipi chili m'manja, chimgolo cha matayala chikufuka utsi kumbuyo kwawo. Pansi panali ponyowa. Anali atawaza madzi, monga ankachitira zaka zonse akusesa ndi tsache, kuti fumbi lisabuke n'kudetsa mafayilo.

A Mathero, bwana wa ofesiyo, anasuzumira pakhomo.

"Mayi, si makina munasankha nokha ku Limbe dzana aja?"

"Ndi omwewo, bwana. Ogulitsa sanandiuze kuti samwa madzi."

Bwanayo sanakalipe. Anangotambasula dzanja.

A Falesi anayang'ana pakona pomwe pankakhala tsache lawo, lomwe analitaya dzulo lake akuseka. Kenako, podziwa kuti ntchito yatha, anayamba kumasula makiyi a ofesi pansonga ya chitenje.