Wolankhulira Mtembo

Tokuzo anali ataphonyanso mawu. Pa chinsalu, mtembo wa mzungu unali utadzuka kale m'bokosi kukasaka amene anauika uli moyo. Koma iye, amene ntchito yake inali kuima pambali n'kumalankhulira anthu a m'kanema wopanda mawuyo, anangoti kakasi, thukuta lili kamukamu.

"Lankhulatu iwe, kapena wafa ndiwe?" anatero wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

Maso a Tokuzo anali ku mipando ya akazi. Anali atabweranso mkazi woonda uja, tsitsi litaphimba tsaya limodzi. Kanema sankamuyang'ana. Ankayang'ana iyeyo. Anali Fusae, mkazi wake.

Fusae anatsala m'moto tsiku la chivomezi cha ku Tokyo. Mtanda wa denga unamupanikiza, malawi akuyandikira. Tokuzo anayesa kumukoka, mantha anamugwira, n'kuthawa. Anathawa mpaka kuno ku Osaka, osabwererakonso.

Chiyambireni kanema wa mtemboyu, mkaziyo ankabwera masana aliwonse, n'kuzimiririka magetsi asanayake. Tokuzo anamwaza mchere pakhomo kuti athamangitse mzukwawo, sizinathandize. Chakudya chinasiya kulowa. Mwini holo anali atamuuza kale kuti akaphonyanso akagulitse nsomba.

Tsiku limeneli sanathenso kupirira. Mtembo utangogwira mdani wake pakhosi, iye anachoka kuseri kwa thebulo lalitali limene ankalankhulirapo n'kulunjika kwa akaziko. Oimba nyimbo za kanemayo anasiya kuimba. Tokuzo anagwada patsogolo pa mkaziyo, mphumi pansi.

"Fusae, nditenge basi. Ndatopa. Ndinakusiya m'moto, ndikudziwa chimene wadzera."

Mkaziyo anadzuka. Anamuzungulira, anawerama n'kumutsina chidendene mpaka Tokuzo anabuula.

"Alipo mapazi," anatero Fusae, akupukuta zala pa lamba wa chovala chake. "Thebulo lanu lija limandibisira. Mizukwa ilibe mapazi, ndiye ndimati ndione kaye ndisanakulankhuleni."

Tokuzo anadzutsa mutu. Patsogolo pake panali nkhwaira zamatope, ndi zala khumi za munthu wamoyo.

"Ine anansi anandisolola. Amene tinawachitira maliro ndi inuyo, bambo a Masaru. Zaka zonsezi m'mawa uliwonse ndimakuikirani mpunga paguwa la mizimu, mwana wathu Masaru akuyang'ana ndi njala. Dzukani, akaone munthu amene wakhala akumudyera mpunga wake."