Mapesi Atatu Kuseri kwa Bafa

Masiku amenewo chimanga chinkagulitsidwa chisanadzalidwe. Amalonda a m'tauni ankagula zokolola za chaka chamawa n'kumagulitsana okhaokha, munda wake osaudziwa n'komwe. Pamalire a munda uliwonse panali chitsulo cholankhula, chimene chinkawerenga mapesi ndi kulengeza dzina la mwini watsopano. Chimanga cha a Lufeyo chinasintha eni kangapo chisanamasule.

Amene ankavutika anali akazi awo, a Nangondo. Anali oyembekezera, ndipo mtima wawo unali pa dowe basi. Ankadutsa m'munda umene anapalira okha akumeza malovu, poti kuthyola ngakhale chimodzi kunali kuba.

"Bambo, fungo lokhali lindipha ine," ankadandaula.

A Lufeyo ankangopita kukakonza mpanda waminga umene anatchinga kuseri kwa bafa, ati kuopa mbuzi.

Tsiku lina m'mawa anabwera ndi dowe wootcha, akumusinthasintha m'manja chifukwa cha kutentha.

"Mwathyola kuti?" anafunsa a Nangondo, maso ali kumunda. "Mukufuna atilande malo?"

"Kuseri kwa bafa si munda, mayi. Ndinakwirira njere zitatu potsikira madzi osamba. Chitsulo sichiona kumeneko."

A Nangondo analandira ndi manja awiri. Chapatali chitsulo chija chinatchulanso dzina lina lachilendo.

"Nanga ichi mwini wake ndani?"

"Ali m'mimbamo," anatero a Lufeyo. "Idyani msanga, asanasinthe maganizo n'kuchigulitsa."