Chithunzi cha Pakhomo pa Sitolo

Mwini sitolo ankafuna chithunzi cha usiku, magetsi akuwala, ndipo wojambula analumbira kuti sachoka asanachipeze. Anakhazika kamera pachoikapo cha miyendo itatu kuti ijambule kwa masekondi makumi atatu. Pa nthawi yotalika choncho, chilichonse chogwedezeka chimatuluka ngati utsi.

"Alamu, taimani njii pakhomopo!" wojambulayo anauza mlamu wake amene anabwera naye.

Pachithunzipo mlamu wakeyo anatulukabe mbuu, poti munthu amapuma. Koma pambali pake panaima mayi wina, wooneka bwino mpaka nsidze. Wojambula anadzutsa mutu. Pakhomo panali mlamu yekha.

"Simunathe? Kukuzizira kuno," anadandaula mlamuyo.

"Kamodzi kokha basi."

Anadinanso batani, n'kudikira atalumira mano. Ulendo uno onse awiri anatuluka bwinobwino.

"Alamu?"

Mlamu sanaphethire n'komwe.