Chipata cha Kuphanga

"Tikamanga mpanda kuzungulira phirili, palibenso wolowa kuphanga," anatero Allan Bestone, wa kampani yolipira midzi yosunga mitengo yoyamwa mpweya woipa.

"Ndapota, mwana wanga, tisiyireni chipata," anapempha NyaMhango, mtsogoleri wa Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, ku Manyamula. "Timapemphera m'menemo kuyambira kale, ndipo sitinadulepo mtengo."

"Sizingatheke, amama."

Asanatseke pakamwa, mvula yamatalala inayamba. Onse anathamangira kuphangako, Allan patsogolo. Amayi anayambitsa nyimbo yotamanda Yehova, thanthwe lobisalamo, ndipo posakhalitsa munamveka besi yamphamvu ikuvomera.

Mvula itakata, Allan anakhosomola pang'ono.

"Chipatacho chikhale chachikulu bwanji, amama?"

"Choti munthu wothamanga ngati inuyo asagunde mzati," anayankha NyaMhango.