Manja a Mayi Rabiya

Sungani analemba lamulo lomaliza pa kompyuta yakale ya Linux n'kudina batani. Kwa masiku atatu kakhadi ka wayifayi kankakana kudzuka, moti intaneti ya mu ofesi yawo ya pamalire inkangothera pa waya.

Kumbuyo kwake kunaima a Haidar, telala wosokera pakhonde la ofesiyo, ndi akazi awo, Mayi Rabiya. Mayiwo samva. Mwana wawo Shamsia anakwatiwa ku Tete, ndipo iye ndi mayi ake amacheza ndi manja basi pa vidiyo. Netiweki ya foni inkadula vidiyo chiganizo chisanathe.

"Zakananso, achimwene?" anafunsa a Haidar.

"Dikirani kaye, bambo."

Kanyale kobiriwira kanaphethira. Pa foni ya mayiwo panatuluka dzina la netiweki yatsopano. Sungani analowetsa pasiwedi, n'kuimbira Shamsia.

Shamsia anaonekera ali pabedi la kuchipatala, manja ake akuthamanga. Mayi Rabiya anatsamiritsa foni pa mulu wa mafayilo kuti manja onse awiri amasuke. Anayankha mofulumira, kenako anagwira pakamwa.

"Kwagwanji?" anafunsa Sungani.

"Wabadwa wamkazi. Onse ali bwino," anatero a Haidar, akupukuta m'maso ndi kachidutswa ka nsalu.

Mayi Rabiya anatembenukira kwa Sungani n'kuyendetsa manja pang'onopang'ono, kawiri.

"Akukuthokozani."

"Nanga ine ndiyankhe bwanji?"

A Haidar anaika kansalu kaja m'thumba, anamugwira dzanja, n'kuyamba kumupinda zala.