Kadzidzi Wodikira Sitima

Mayi wosoka mikanjo ya kwaya sanaimitse makina pamene achimwene ake analowa. Anangowalozera mpando ndi chibwano, n'kupitiriza kusoka. Nkhalambayo inali itafika m'mawa womwewo kuchokera kunja, ili ndi chikwama chimodzi ndi chifuwa cha kumayiko ozizira. Inkapempha chipinda cha malemu amayi awo kuti itsirizire masiku ake pakhomo.

Chipindacho chinali chosesasesa kale. Koma mayiyo anali atauza Mulungu wake kuti kiyi satulutsa mpaka atamva liwu limodzi lokha: pepa. Chikhululukiro anali nacho. Anachikonza atagwada, chaka ndi chaka, ndipo chinkangodikira wochipempha.

"Ukadali Kadzidzi yemwe uja?" anafunsa achimwenewo. "Kapena masiku ano umagonako?"

"Ndikanagona bwanji, inu mkonono uli ngati chigayo?"

Nkhalambayo inaseka mpaka chifuwa chinaigwira. Mayiyo anadula ulusi ndi mano.

M'chipinda chosokeracho ndi momwe awiriwo ankagona ali ana, pansi, bulangete limodzi lalifupi lomwe ankalimbirana usiku wonse. Amayi akatha pemphero n'kuzimitsa nyali, iwo ankaimba nyimbo ya madzulo monong'ona, kudikira sitima yausiku. Ikamadutsa kuseri kwa nyumba, mawindo ake owala ankathamanga pakhoma, makapu akulira pashelefu. Pamenepo mchimweneyo ankamugwira chala.

"Ndikadzaikwera, ndidzabwera kudzakutenga, Kadzidzi. Mulungu akumva."

Anaikweradi. Mlongoyo anatsala ndi amayi, amene miyendo inayamba kuwakana bambo atangomwalira. Ankawasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuwawerengera Mawu maso atafooka. Amuna angapo anabwera kudzamufunsira, koma ataona bedi la wodwala pabalaza anabwerera pakhomo. Sanakwatiwe. Akalira, amayi ankamusisita mutu.

"Mwana wamwamuna ndi wa dziko, mwanawe. Iwe ndiwe ndodo imene Ambuye anandipatsa. Usamusungire chakukhosi."

Mayi woyera mtima ngati ameneyo, iye ankauza anzake a kwaya, sadzapezekanso pansi pano.

Tsopano mwini lonjezo uja anali pampando, akusimba za kunja ngati wabwera kuchokera kumsika. Anasimba za sitima zapanyanja zomwe ankaphikamo, momwe miphika ankaimangirira kuti isagwe ndi mafunde. Anasimba za dziko lomwe dzuwa limakana kulowa, anthu n'kumagona atatchinga mawindo ndi nsalu zakuda.

"Kumeneko ndiye kwanu, Kadzidzi. Palibe akanakukalipira kuti gona."

Makina anapitiriza kulira.

"Ndinalowanso m'tchalitchi china chachikulu ngati phiri. Limba lake lokha lingadzaze nyumba ino. Koma opemphera anali nkhalamba zochepa, zoimba ngati zikuopa kudzutsa mwana. Ndinati mumtima, mlongo wanga atangoyamba ndime imodzi ya nyimbo muno, njiwa zonse za kudenga zingathawe."

Mayiyo anachotsa phazi pa makina.

"Munaonera tonse awiri, eti achimwene?"

Nkhalambayo inavula chipewa n'kuchiika pabondo. Inachitembenuza, n'kuchitembenuzanso.

"Ndakalamba, mlongo wanga. Madokotala a kumene kuja anandiuza kuti ndikonze nyumba yanga. Sindikufuna kukaonekera pamaso pa Ambuye ndili ndi mwala mumtima."

Mayiyo anapukuta manja pachitenje, n'kuwongola msana. Mawu aja anawasunga zaka zonsezi anali atafika kale pamilomo, ndipo dzanja lake linali m'thumba, pa kiyi. Mumtima anati, zikomo Atate, simuchedwa.

"Ndabwera kudzakuuza kuti ndinakukhululukira," inatero nkhalambayo.

"Inuyo? Kukhululukira ine?"

"Zinandipweteka, sindingabise. N'chifukwa chake ndinakhala chete, ngakhale maliro a amayi ndinawamva atapita kale. Ndinagwira ntchito osaona tchuthi kuti ndikupezere tikiti ndi malo kusukulu ya zosoka. Ndinatumiza uthenga kwa amayi wa tsiku lofika, ndinati asakuuze, ndikudzidzimutse. Ndinaima pakhomo lomweli nditavala suti yobwereka. Anandilandira okha. Anati wakwatiwa, uli kwa amuna ako, ndipo wanena kuti ndisakusokonezere banja ndi maloto a ana. Anandipempha ndibwerere tsiku lomwelo anthu asanandione, kuopa kukuchititsa manyazi kwa apongozi. Ndinayenda ulendo wonse mpando wa pambali panga uli wopanda munthu."

Inapukuta m'maso ndi chipewa, n'kuyang'ana makoma onse anayi.

"Koma zapita zimenezo. Nanga alamu anga aja anatisiya liti? Sindikuona chithunzi chawo."

Moyo wake wonse mayiyo anagonako kunja kwa nyumbayo ulendo umodzi wokha: sabata ija amayi ake, akumwetulira, anamukakamiza kupita kumsonkhano wa kwaya, akuti mwana wawo akapumeko. Tsopano anadziwa amene anafika pakhomo sabata imeneyo.