Ng'oma za Malemu Nasiru

Jenifa anamata kasensa kachisanu, kachipangizo komva kumenya, pansi pa labala n'kukafinya ndi chala ngati akupha nsikidzi. Guluu ankanunkha shopu yonse, koma chomunyansa sichinali guluuyo ayi. Chinali bambo amene anakhala pa benchi pakhomo, akutafuna mtedza mosatekeseka.

Bamboyo anali Bakari. Mng'ono wake Nasiru anaikidwa m'manda masabata atatu okha apitawo, ndipo nayu mkulu wake watulukira kale ndi katundu wa malemu pamutu. Asa!

Katunduyo sanali ng'oma zenizeni. Anali mapadi asanu a labala ophunzirira kuimba, oima pa timiyendo tachitsulo, amene ukawamenya amangoti phu, phu. Nasiru anabwera nawo kuchokera ku Joni, ndipo theka la Nkhotakota linawaona akutsitsidwa m'basi. Tsopano Bakari ankafuna akhale a magetsi. Anabweretsanso kamakina kakale kosandutsa kumenyako kukhala kulira kwa ng'oma.

"Mawu azituluka m'mahedifoni basi, mayi," anatero Bakari kachitatu. "Asamve munthu, ngakhale wa kuseri kwa khoma."

"Ndamva, bambo," anayankha Jenifa osadzutsa mutu.

Inde, wakuba angafunenso chiyani china?

Jenifa ankawadziwa anthu a mtundu umenewu. Mwamuna wake atamwalira ku Dwambazi, abale anabwera ndi ngolo misozi isanaume. Anatenga matiresi, malata, mpaka chowotcherera mawaya chimene iye mwini ankakonzera mawailesi. Koma iye anali ndi mwayi, poti anathamangira ngoloyo akutukwana mpaka mawu kusasa. Nanga Zahra, mkazi wa Nasiru? Mwana wa eni ali pachitengwa, pakati pa abale a mwamuna okhaokha, ndiponso ali mu eda: miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka pakhomo, osadzola zonunkhira, osaonetsa chisangalalo. Ndiye munthu wamkulu, wandevu zake, n'kusankha nthawi yomweyo kulowa m'nyumba n'kunyamula. Zonyansa zedi.

Ngakhale ndodo zoimbira anabwera nazo zili zokulungidwa m'kachitenje ka maluwa. Kulanda mpaka nsalu ya mayi wamasiye!

Jenifa anawotcherera mawaya asanu a timasensa tija, aliyense ku dzenje lake. Ntchito ankaidziwa, ndipo manja ake sanalakwitse pena paliponse ngakhale mtima unali kuwira. Kamakina kaja anakaika m'bokosi la pulanga, ati kuopa fumbi. Chimene Bakari sanaone n'chakuti pansi pa bokosilo Jenifa anagonekamo sipika yochotsa m'minibasi yakufa, pamodzi ndi chokuzira mawu chake. Sipika imeneyo ikalira, munthu amamva ngakhale ali kunyanja.

Maganizo ake anali achidule. Tsiku limene mbavayi idzamenye ng'oma koyamba, mudzi wonse udzatuluka. Anthu adzafunsa kuti ng'omazi n'zayani, nkhani idzafika kwa ashehe, ndipo katundu adzabwerera kwa mwini wake. Zahra sangathe kudzimenyera nkhondo, ndiye wina amumenyere.

"Yesani," anatero Jenifa, waya wa sipika usanalumikizidwe.

Bakari anavala mahedifoni chozondoka. Anagwira ndodo ngati mpini wa khasu n'kumenya padi imodzi. Anadzidzimuka, kenako n'kuseka ngati mwana, mano onse pamtunda.

"Eee! Zikulira m'mutu momwemu! Inu mukumva kanthu?"

"Palibe."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ndati palibe, bambo."

Taonani, ngakhale kuimba komweko sadziwa. Kungofuna kukhala nazo basi, poti mwini wake wagona. Jenifa anamva malovu owawa m'kamwa, ndipo akanakhala kuti sali m'shopu mwake akanalavula.

Bakari atapita kumsewu kukaitana njinga yamoto ya kabaza, Jenifa analumikiza waya wotsala uja. Anapotokola chokuzira mawu mpaka pamapeto, n'kutseka bokosi. Pa mutu wa sikuluu iliyonse anadontheza guluu kuti wina asadzatsegule. Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti amwetulire.

Anamangirira katundu yense kumbuyo kwa njinga ndi malamba a chubu. Bakari anakwera, bokosi lija atalikumbatira pachifuwa. Wakabaza analiza injini.

"Mulungu akudalitseni, mayi," anafuula Bakari mopikisana ndi phokosolo. "Mlamu wanga apumako tsopano. Ng'omazi ndi zake, malemu anagulira iyeyo. Chimwalirire mwamuna wake amangokhala duu, osadya. Ndiye azikaimba mwakachetechete m'chipinda, chifukwa amayi athu akangomva ng'oma m'nyumba ya eda, amuthamangitsa pamudzi lero lomwe."

Jenifa anatambasula dzanja n'kukuwa kuti aime. Njinga inali itakhota kale, ndipo nambala ya Bakari analibe.